Gudumu la Nkhope Ziwiri

Uthenga unalowa Singano ali ndi mapini pakamwa, akupinda mpendero wa siketi ya kasitomala.

"Ndagula njinga. Ubwere Loweruka udzaione, udzandiuze ngati sanandibere."

Analavulira mapiniwo m'dzanja n'kuwerenganso. Dzina loti Singano anamupatsa ndi anthu a mumsewu umene ankasokeramo, chifukwa anali wowonda, wowongoka, ndipo pakamwa pake pankalasa pamalo amodzi okha koma pomvekera. Analinso ndi diso limene amalonda ankadana nalo. Mnzake akafuna kugula bedi kapena firiji yakale, ankayamba wadzamutenga, iye n'kukagogoda apa, kusuzumira apo, mpaka wogulitsa kuulula yekha pamene panawotcheredwa. Koma pa mnyamata amene anatumiza uthengayu, disolo linkachita ngati lalowa kachitsotso.

Mnyamatayo ankamutchula Tiona. Ukamufunsa ngati kugwe mvula, tiona. Ukamufunsa ngati afuna tiyi, tiona. Chibwenzi chawo chinali chitadutsa chaka, ndipo Singano akafunsa tsiku lokaonekera kwa mayi ake, yankho linali lomwelo. Mayiwo sankadziwa n'komwe kuti padziko pano pali mtsikana wotchedwa Singano, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima kuposa mmene ankavomerera.

"Akuti wagula njinga," anauza achemwali ake, amene ankasita zovala pakona.

Achemwali anaimika simbi. "Wagula? Yekha? Osati tiona?"

"Wagula."

"Ndiye kuti mnyamatayu amatha kuganiza chinthu n'kuchichita. Nkhani ya iwe yokha ndi imene imamulemera."

"Achemwali, malayawo apsa."

Anaimba foni pompo, osapereka n'komwe moni. "Ya ndalama zingati?"

Tiona anatchula mtengo. Singano anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana ngati yalakwitsa ndi foniyo. Ndalama zimenezo sungagulire ngakhale nsapato zabwino.

"Yakale?"

"Yatsopano, ya m'pepala."

"Ndiye yakuba."

"Ndagula mushopu, kwa a Sipoko, dzuwa likuswa mtengo."

"Ndiye ndi ya malata. Ikapindika pa dzenje loyamba usadzandilirire."

"N'chifukwa chake ndikufuna diso lako. Ukati ndi yabwino ndisunga, ukati ayi ndikabweza."

Mawu amenewa anamukomera Singano, tisabise. Mwamuna akayamba kufunsa maganizo ako pa katundu wake, ndiye kuti wayamba kukuwerengera m'nyumba. Anamaliza mpendero uja akuimba chamumtima.

* * *

Tiona ankachita lendi chipinda pamwamba pa chitunda, pamene msewu umayamba kutsetsereka mpaka kukafika pakona ya golosale. Loweruka m'mawa Singano anamupeza pakhonde akupukuta njinga ndi malaya akale, nkhope ikuwala kuposa njingayo.

Inali yofiira, yowonda ngati Singano yemwe. Matayala opyapyala. Magiya panalibe, madigadi panalibe, buleki inali imodzi yokha, yakutsogolo.

"Zotsalazo anakuuza kuti ukatenge liti?"

"Ndi mmene anaipangira. Akuti zitsulo zikachepa, zowonongeka zimachepanso."

"Akuti ndani?"

"A kushopu."

Singano anagogoda felemu ndi chikhadabo n'kutchera khutu. Anaikweza ndi dzanja limodzi, kupepuka kwake n'kumudabwitsa. Anayendetsa chala mmene anawotcherera zitsulo, monga amachitira ndi msoko wa telala mnzake, kufuna pamene wina anaba ntchito. Sanapapeze. Chishalo chokha ndi chimene chinamupatsa chonena, chifukwa msoko wake unali wa munthu wothamangira kuweruka.

"Chishalochi chikung'ambira thalauza mwezi usanathe. Utoto ndi wopyapyala. Nanga keliyala ili kuti?"

"Ilibe."

"Ndiye ine ndizikhala pati?"

"Iwe umakhala pamtima."

"Pamtima sipafika kumsika. Njinga yopanda keliyala ndi ya munthu amene sakuyembekeza kunyamula wina aliyense."

"Tidzaikapo."

"Liti?"

Tiona anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Onse awiri anaseka, poti mawu amene amafuna kutulukawo ankawadziwa.

"Bweretsa ndiikwere," anatero Singano.

"Dikira, pali kanthu koti ndikuuze kaye. Gudumu lakumbuyoli..."

"Wandiitana kuti ndidzaone ine, kapena udzandiuze iwe? Njinga ndinayamba kukwera iwe ukadali ndi mamina."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Za munthu amene akuuzidwa koma n'kukana kumva, sananene chimene anadya.

Pamalo athyathyathya njingayo inamuyankha ngati imamudikira. Akangoponda pang'ono, yapita. Panalibe chogwedera, panalibe cholira. Mumtima anavomereza kuti mnyamatayu sanaberedwe. Ndiye msewu unapendekeka, mphepo inamukhudza kumaso, ndipo Singano anachita zimene aliyense amachita pamtsetse: analeka kupalasa kuti miyendo ipume.

Mapedulo anakana. Anamukankha mapazi m'mwamba ngati bulu, iye n'kudumpha pachishalo. Anayesa kuwagwira ndi mphamvu, anamukankhanso. Mapazi anachoka, mapedulo n'kumazungulira okha, kumumenya m'misongolo ndi mu akatumba.

"Osaleka kupalasa!" Tiona anali kukuwa kumbuyo akuthamanga. "Palasa! Osaleka!"

Apalase bwanji chinthu chimene chikumupalasa iyeyo? Pakona panatulukira akazi awiri, wamkulu atanyamula thireyi ya mazira. Singano anafinya buleki ndi dzanja lonse. Gudumu lakutsogolo linaima, lakumbuyo linanyamuka, ndipo iye anauluka n'kukawagwera amayi aakuluwo pachifuwa.

* * *

"Mayo ine! Dzanja langa! Ndafa!"

Anali mayi wathupi, wovala bulauzi yoyera imene tsopano inali itasanduka yachikasu. Mazira anali ponseponse, m'tsitsi, m'chikwama, ngakhale m'nsapato. Anakhala pansi atagwira dzanja lamanja, maso ali psuu.

"Pepani mayi, pepani ndithu!" Singano anagwada pambali pawo, maondo akuchucha magazi.

"Pepani? Pepani alumikiza fupa? Mtsikana wamkuluwe, maso uli nawo koma? Msewu wonsewu waona ine?"

Anthu anali atayamba kuunjikana pakhomo pa golosale. Manyazi akamugwira Singano, lilime lake silinkadikira mutu.

"Si ine mayi, ndi njingayi! Siima! Amene anagula chinthu chimenechi ndi chitsiru chenicheni. Kaya anamulera ndani, osamuphunzitsa kuti chinthu umayamba wafunsa usanagule!"

Mtsikana amene anali ndi amayiwo sanafikidwe ndi dzira ngakhale limodzi. Anali wamfupi, wosalala, wa mawu otsetsereka. Anadzutsa njinga ija, anawongola handulo ataipana gudumu ndi maondo ngati munthu woizolowera, kenako anamwetulira.

"Njingayi ndikuidziwa, amayi. Ndinaimanga ndine kushopu kwa adadi. Ndi ya mwana wanu."

Singano anamva ngati msewu wapendekekanso. Asanameze malovu, Tiona anafika ali wefuwefu, naima chilili ngati waona mzukwa.

"Amayi!"

Amayiwo sanamuyang'ane. Maso awo anali pa Singano, ndipo anayankhula pang'onopang'ono kuti a pagolosale onse amve.

"Chitsiru chimenecho ndinachilera ndine."

Chaka chathunthu Singano ankakonzekera tsiku limeneli. Anali atasankha kale diresi yodzavala, mawu odzayamba nawo, ngakhale mmene adzakhalire pampando. M'maloto onsewo munalibe mazira.

"Ndani ameneyu?" amayi anafunsa mwana wawo. "Akutani ndi njinga yako m'mawa uno?"

Singano anadzutsa mutu. Zinthu zinali zitaipa kale, koma khomo linali lotsegula. Mawu amodzi okha, anatero mumtima. Nena, ndipo mazirawa tidzawaseka tili ndi imvi.

Tiona anayang'ana mayi ake, anayang'ana mtsikana wa njinga uja, kenako anayang'ana nsapato zake.

"Ndi telala," anatero. "Amandisokera mathalauza."

Mapedulo aja sanamupweteke Singano chonchi.

Tiona anathamangira kumsewu waukulu kukaimitsa takisi. Mtsikana uja, amene amayi ankamuitana kuti Kabelu, anawapukuta bulauzi ndi mpango wake, kenako anatembenukira kwa Singano ndi chifundo chonunkha.

"Simunauzidwe eti, atelala? Onani. Gudumu lakumbuyoli lili ndi nkhope ziwiri. Mbali iyi ili ndi fuliwilo: mukaleka kupalasa njinga imangopita, inu n'kumapuma. Mbali inayi mano ake anamangidwa ku gudumu. Gudumu likazungulira, mapedulo azungulira, mufune musafune. Mwini wake ndi amene amasankha mbali yoti igwire tcheni, inayo imangozungulira pachabe." Anapukuta fumbi pachishalo ndi chikhatho. "Ndadabwa kuti sanakufotokozereni. Ine amandiuza zonse."

Takisi inafika. Anakwera atatu. Singano anatsala ndi njinga, makoko a mazira ndi maso a anthu, ndipo anaikankha yekha kukwera chitunda chonse akutsimphina.

* * *

Madzulo achemwali ankamuthowa misongolo ndi madzi otentha, foni ili ng'aning'ani patebulo ndi mauthenga a Tiona.

"Dzanja silinathyoke, angobinya. Amanga bandeji."

"Yankha foni chonde."

"Ndinasokonezeka. Sinali nthawi yabwino."

"Ukudziwa kuti ndimakukonda."

Singano anaigadabuza foniyo.

"Telala?" achemwali anabwereza, nsalu ili m'manja ikudontha. "Anati telala? Pamaso pako?"

"Amandisokera mathalauza."

"Mathalauza amene umamusokera ulere aja? Ha! Mng'ono wanga, ine ndikanamuvula pomwepo, aziona yekha chovala."

Singano anafuna kuseka koma m'malo mwake misozi inatsika. Analira ndi mkwiyo, analiranso ndi manyazi, chifukwa mawu aja oti chitsiru anali ake, ndipo sakanawabweza m'kamwa. Achemwali anamusiya alire mpaka madzi anazizira.

"Nanga njingayo? Ndi malata, eti?"

Singano anapukuta mphuno. Ngakhale mtima uli zidutswa, diso lake silinkadziwa kunama.

"Ayi. N'zimene zikundizunguza. Chitsulo chake n'chabwino. Mowotcherera mulibe chinyengo. Imayenda ngati madzi. Chishalo n'chachabechabe, buleki imodzi n'kufuna kupha anthu, koma zimenezo n'zosintha. Njinga imeneija si ya mtengo umene anatchula uja."

"Ndiye kuti anachita mwayi."

"Wamalonda sapereka mwayi, achemwali. Ndakhala ndikukangana nawo moyo wanga wonse. Akakutsitsira chonchija, ndiye kuti pali pena pamene akukweza."

Achemwali anafinya nsalu pang'onopang'ono. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero. "Kamtsikana kosalala kaja wati ndi mwana wa ndani?"

* * *

Lolemba Singano anavala siketi yaitali yobisa mabala n'kupita kwa a Sipoko ngati kasitomala wamba. Shopu inali yodzaza matayala olendewera kudenga, fungo la labala ndi girizi. Kabelu kunalibe. Eni ake anali bambo wansangala, wadazi, wokonda kuloza zinthu ndi sipoko ya njinga imene ankaisomeka kukhutu ngati pensulo. Pakhoma panatsamira njinga yofanana ndendende ndi ya Tiona, koma yakuda.

"Iyi, bambo, ndi yabwino? Mundiuze zoona, ine ndimabweza katundu."

"Mayi, ine ndine wokalamba, bodza limanditopetsa. Ngati kwanu n'kwa zitunda, isiyeni, idzakuthyolani maondo. Ngati mumanyamula matumba, isiyeni. Koma ngati ndi yopitira kuntchito pamsewu wabwino, simudzandionanso kuno. Magiya palibe oti avute. Mafuta pa tcheni, mpweya m'matayala, basi." Analoza ndi sipoko. "Matayalawa satha chaka, chishalo musinthe, ndipo muikitse buleki yachiwiri. Dzana mtsikana wina wopanda nzeru wagunda nayo munthu."

"Zoona?" anatero Singano, makutu akutentha.

"Mazira thireyi yonse. Akuti ndi telala. Kusoka ndi kupalasa zonse n'zamapazi, koma si zimodzi." A Sipoko anaseka mpaka kutsokomola.

"Mtengo wake?"

Anatchula. Unali mtengo woyenera, umene Singano akanaulipira osakangana kwambiri. Koma unali kutalitali ndi umene Tiona ananena pafoni.

"Mukundikweza, bambo. Mnyamata wina wagula yofiira sabata yatha, sanalipire ngakhale theka la zimenezo."

"Aa, mwamva za ameneyo?" Nkhope ya a Sipoko inawala. "Ameneyo musamuwerengere, mayi. Umenewo ndi mtengo wa mkamwini."

Singano anachotsa dzanja pa handulo ya njinga yakuda ija.

"Mkamwini?"

"Wa mwana wanga, Kabelu. Mayi ake a mnyamatayo ndi malemu akazi anga anali ngati pachibale. Nkhaniyi tinaikamba kalekale, ana ali kusukulu. Ndiye ine ndingalole mkamwini azifika kuntchito fumbi lili m'mawondo, njinga zili mbwee m'shopu mwanga? Ndikanamupatsa ulere, koma mwamuna amafunika atulutseko kenakake, asachite manyazi."

"Iyeyo akudziwa?"

"Ndinamuuza pompano, pamene mwaimapo, mayi ake ali apo. Ndinati, mkamwini, tenga, ukwatiwu tisauchedwetsenso."

"Anati chiyani?"

"Anati tiona." A Sipoko anabweza sipoko kukhutu. "Mayi ake anandimasulira. Akuti mwana wawo chibadwire sananenepo eya. Akati tiona pamaso pawo, ndiye kuti wavomera. Komanso njinga anatenga, si choncho? Ndikukulungireni yakudayi?"

Singano anapukusa mutu. Mawu amene wakhala akuwamva chaka chonse ngati lonjezo lochedwa, kwa anthu ena anali kale chivomerezo. Anatuluka osatsanzika, a Sipoko akumuitana kuti akhoza kuchotsako pang'ono.

* * *

Anapeza Tiona atakhala pakhomo pa shopu yake yosokera, njinga yofiira itatsamira khoma. Achemwali anali atamusiya padzuwa dala, osamupatsa mpando. Tiona ataona Singano anadzuka mofulumira mpaka kugunda mapedulo.

"Ndakhala ndikukuimbira."

"Mwabwera kudzayesa thalauza, bambo?"

"Usatero, chonde. Amayi anali ndi ululu, anthu atazungulira. Ndikanayamba bwanji? Uyu amene wakugwetsaniyu ndi amene ndikufuna kukwatira?"

"Eya. Ukanayamba choncho."

Analowa, iye n'kumutsatira. Achemwali anazimitsa simbi n'kutuluka, koma sanapite patali kuposa zenera.

"Unandiitana kuti ndikuuze ngati anakubera," anatero Singano atakhala pamakina. "Ndaunika, ndafunsa, ndamaliza. Njinga ndi yabwino. Pamtengo wake weniweni ndi yabwino, pamtengo umene unapereka iwe ndi mphatso. Sanakubere. Chimene chinagulidwa tsiku limenelo si njinga, ndi iwe. Ndipo unatchipa."

Tiona anatuwa milomo. "Wapita kwa a Sipoko."

"Mtengo wa mkamwini."

"Amaseka! Bambo aja amandiitana choncho kuyambira ndili mwana. Ndimaona ngati nthabwala."

"Unaseka?"

"Ndinaseka."

"N'kutenga njinga."

Tiona anakhala pa mulu wa nsalu, mutu uli m'manja. Akakhala chonchi ankaoneka ngati mwana wotayika pamsika, ndipo n'chimene chinkamufooketsa Singano nthawi zonse. Mnyamatayu sanali woipa mtima. Vuto lake linali loopa kukhumudwitsa munthu amene ali patsogolo pake, ndiye ankakhumudwitsa amene ali kumbuyo.

"Kabelu sindimufuna," anatero. "Ndikulumbira. Tinakulira limodzi, ndimamuona ngati mlongo. Amayi akayamba nkhaniyi ndimangoti tiona kuti asiye. Ndimaganiza kuti adzatopa."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Ine sindikhala mbali ya gudumu yozungulira pachabe, wina akugwira tcheni. Njingayi ukabweze. Mayi ako ukawauze kuti telala uja ndi ndani. Ndikapepesa ndekha za chitsiru zija, ndigwada mpaka maondo atuluke magazi enanso. Koma uyambe ndiwe."

"Ti..."

Singano anadzutsa nsidze. Tiona analuma mlomo.

"Lero," anatero. "Lero lomwe. Ndiyambira kwa a Sipoko, kenako kwa amayi."

Tiona anali asananenepo mawu oti lero kuyambira pamene anadziwana. Anagwada n'kukweza pang'ono mpendero wa siketi, ataona mabala a m'misongolo anapuma mozama, n'kuwakhudza ndi nsonga za zala. Singano anafuna kuchotsa mwendo koma sanauchotse. Mtima ndi wopusa: ukangomva mawu amodzi atsopano, umaiwala akale onse.

"Ndinayesa kukuuza za gudumu lija," Tiona ananong'ona.

"Ukanakuwa."

"Ndinakuwa."

"Mochedwa. Ndi matenda ako amenewo."

Singano anali atayamba kumwetulira pamene achemwali anasuzumira pazenera, maso atatuzuka.

"Mng'ono wanga, kwabwera takisi."

* * *

Mayi a Tiona analowa dzanja lili pabandeji, litapachikidwa ndi mpango m'khosi. Kumbuyo kwawo kunali Kabelu, atafungata phukusi lalikulu. Anayang'ana makina, mashelefu, zovala zolendewera, kenako mwana wawo, amene anali atadzuka pansi mochedwa.

"Njinga ndaiona panja. Wadzayesa thalauza?"

"Amayi, ine..."

"Khala chete, ndabwerera atelala." Anakhala pampando wa makasitomala osauzidwa. "Ndafunsa anthu. Akuti pakamwa panu m'poipa koma manja anu ndi abwino."

Singano anagwada. "Mayi, mawu aja ndinalakwitsa. Ndinayankhula ndi mantha. Mundikhululukire."

"Dzukani. Ine sindisunga mangawa. Kupolisi sindipita, za mazira sindifunsa. Dzanja langa munalipweteka ndi mapazi, mulipepese ndi manja. Kabelu, masula."

Kabelu anayala phukusi patebulo lodulirapo. Nsalu yoyera inatsetsereka mpaka pansi, yonyezimira, yolemera, ndi ina yamaluwa oboola pamwamba pake. Singano anali atasokapo zambiri zotere. Sankafunika kuuzidwa kuti ndi ya chiyani.

"Diresi ya mpongozi wanga," anatero amayi. "Ndikanasoka ndekha pang'onopang'ono, koma dzanja ndi ili. Ukwati ndi mwezi wa mawa ukatha. Muyezeni."

Kabelu anavula juzi, anaima pakati n'kutambasula manja, akumwetulira kudenga.

Singano anachotsa tepi m'khosi. Anatembenukira kwa Tiona, amene anali ataima pakhomo, dzanja limodzi litagwira chitseko.

"Mayi, ine diresi ya ukwati sindiyeza mwini ukwati asanavomere. Ndi lamulo la shopu ino." Anamuyang'ana m'maso. "Bambo, lero ndi lero. Ndiyeze?"

Amayi anatembenuka. Kabelu anatembenuka. Achemwali anasuzumira pazenera. Tiona anayang'ana Singano, ndipo m'maso mwake munali chikondi chenicheni, chimenecho palibe akanatsutsa. Kenako anayang'ana bandeji ya mayi ake.

"Tiona," anatero.

"Mwamva," anatero amayi, akukhazikika bwino pampando. "Wavomera. Yezani."

Singano sanakumbuke mmene anafikira pakati pa chipinda. Anayeza mapewa. Anayeza mikono. Manja ankagwira okha ntchito imene anaizolowera, mutu uli kwina. Atawerama kuti azunguze tepi m'chiuno, Kabelu anatsitsa mutu mpaka milomo yake inayandikira khutu lake, ndipo ananong'ona motsetsereka, moti amayi asamve.

"Pamimbapa musiyepo malo, atelala. Pofika tsikulo ndikhala nditanenepa. Mufunseni, akudziwa."

Tepi inapulumuka m'zala za Singano n'kugwera pa nsalu yoyera ija. Anatembenukira kukhomo kuti amufunse. Chitseko chinali pululu, ndipo pakhoma pamene panatsamira njinga yofiira panalibe kanthu.